Mayina ozokotedwa pa khoma la kachisi wa ku Thanjavur

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli kumudzi kaya muli kuchilendo ngati ine. Ndikulankhula kuchokera mumzinda wa Tiruchirappalli, m'chigawo cha Tamil Nadu kummwera kwa India, kumene ndakhala zaka ziwiri tsopano ndikuchita maphunziro a zamankhwala. Lero ndikufuna ndikusimbireni za ulendo umene ndinayenda Loweruka lapitali wokaona kachisi wa Brihadeeswarar ku Thanjavur, amene eni dera amangomutchula kuti Periya Kovil, kutanthauza kachisi wamkulu.

Mnzanga wa m'kalasi, amene kwawo ndi komweko, anandiitana kangapo ndisanavomere. Ine ndinakulira m'banja lachikhristu, ndipo mtima unkandikayikitsa ngati kuli koyenera kulowa m'nyumba yopembedzera Shiva, mulungu wa Ahindu. Iye anandiuza modekha kuti palibe amene andikakamize kugwada, koma kuti sindingamvetse anthu amene ndikudya nawo tsiku ndi tsiku ndisanaone chimene makolo awo anamanga. Mawu amenewa anandigwira mtima, ndipo tinakwera basi m'mamawa, tikudutsa minda ya mpunga yothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Kaveri.

Pachipata tinavula nsapato monga mwa mwambo. Dzuwa linali litakwera kale, miyala ya pabwalo ikuotcha mapazi, kotero kuti aliyense ankayenda motsata kanjira ka mphasa kamene anayala pakati. Choyamba kukumana nacho ndi Nandi, ng'ombe yamphongo ya Shiva, yosemedwa pa mwala umodzi wokha, yaitali pafupifupi mamita 6, itagona pansi nkhope italoza kuchipinda chopatulika. Kutsogolo kwake ndiko kunali nsanja ya kachisiyo, yokwera pafupifupi mamita 66, ikumka nichepa mpaka pansonga. Mfumu Rajaraja yoyamba ya ufumu wa Chola inatsiriza kumanga kachisiyu mu 1010, pogwiritsa ntchito mwala wolimba wa granite umene supezeka m'chigwa chimenecho, ndiye kuti mwala uliwonse unachita kukokedwa kuchokera kutali. Anthu a kuno amasimba kuti mwala wa pansonga, wolemera matani pafupifupi 80, anaukweza ndi njovu podzera pa chitunda chadothi chimene anaunjika kuchokera mtunda wautali.

Mkati munali mdima ndi kazizirira, mukumveka fungo la maluwa, lubani ndi mafuta a nyali. Wansembe ankagawa phulusa loyera loti opembedza apake pamphumi, ndipo atafika pa ine ndinangoweramitsa mutu mwaulemu, iye n'kupitirira popanda kukhumudwa.

Komabe chimene ndabwera nacho mumtima si kutalika kwa nsanja. Titatuluka, mnzanga uja ananditengera m'munsi mwa khoma, pamene pali zilembo za Chitamil chakale zozokotedwa mizere mizere kuzungulira kachisi yense. Rajaraja analamula kuti mphatso zimene anapereka iye mwini, mlongo wake wamkulu Kundavai, akazi ake ndi anthu ena onse zilembedwe pa mwala. Alembi ake sanalekere pa golide ndi miyala ya mtengo wapatali. Analemba mayina a akazi ovina 400, aliyense ndi kumene anachokera, nyumba imene anapatsidwa pafupi ndi kachisi, ndi gawo la mpunga limene ankalandira. Analembanso oyimba ng'oma, osoka zovala, ometa, ochapa, oumba mbiya ndi owerengera chuma. Ngakhale abusa a ziweto alipo ndi mayina awo, chifukwa ankapatsidwa nkhosa kapena ng'ombe pa pangano loti tsiku lililonse azibweretsa mafuta a mkaka oyatsira nyali imodzi, ndipo malinga ngati ziwetozo zikuswana, nyaliyo isazime.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mnzanga akuloza ndi chala zilembo zimene amatha kuzindikira, chifukwa kalembedwe ka nthawi imeneyo n'kosiyana ndi ka masiku ano. Ndinakumbukira agogo anga aamuna amene anaumba njerwa za tchalitchi cha kwathu, n'kuzisenza pamutu pamodzi ndi anzawo, koma mayina awo sanalembedwe paliponse, ndipo lero tikuwadziwa ndife ochepa. Sindikunena kuti ufumu wa Chola unali wachifundo chokhachokha, pakuti chuma china chomangira kachisiyu chinachokera ku nkhondo zimene Rajaraja anamenya mpaka ku Sri Lanka. Koma wochapa zovala wa zaka 1,000 zapitazo akuwerengedwabe pa khoma limodzi ndi mfumu yake, ndipo zimenezi zinandilengetsa misozi.

Kachisiyu analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1987, kaundula yemweyo amene mulinso zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza. Ngakhale zili choncho, sanasanduke malo ongoonerera. Tinadikira mpaka madzulo, pamene miyala ya kachisiyo inafiira ndi kulowa kwa dzuwa, mabanja atakhala pa udzu, ana akuthamangathamanga. Mayi wina wokalamba anatulutsa kanyali kadothi m'nsalu yake, anathiramo mafuta ochokera m'kabotolo, napota chingwe cha thonje ndi zala zake, n'kuyatsa akutchinjiriza mphepo ndi dzanja. Tinachoka kukakwera basi yobwerera nyaliyo ikuyakabe.

Zikomo pondimvera, tidzachezanso sabata yamawa.