Kuwoloka nyanja ndi chiyambi chabe: zomwe mafilimu awiri akutionetsa za othawa kwawo

[Pa sikirini: mapu a nyanja ya Mediterranean]

Taonani kadontho aka. Aka ndi kachilumba ka Lampedusa, ka dziko la Italy, koma kali pafupi ndi Tunisia kuposa ndi Sicily. Pa 3 Okotobala 2013, bwato linamira pafupi ndi gombe lake ndipo anthu oposa 360 anafa, ambiri ochokera ku Eritrea.

Gianfranco Rosi anakakhala pachilumbachi n'kujambula filimu ya zochitika zenizeni yotchedwa Fuocoammare, yomwe inapambana mphoto yaikulu ku Berlin mu 2016. Mufilimuyi mulibe wofotokoza. Mumangoona. Malo amene ine amandigwira mtima ndi pomwe dokotala wa pachilumbapo, Pietro Bartolo, akuloza chithunzi pakompyuta yake. Akuti ngakhale m'bwato la othawa muli magulu: wolipira zambiri amakhala pamwamba pomwe pali mpweya, wa ndalama zochepa amamutsekera pansi, kufupi ndi injini, kotentha ngati ng'anjo. Mafuta a bwato akasakanikirana ndi madzi amchere amanyowetsa zovala n'kuwotcha khungu mpaka kusupuka. Iye ndi amene amapima amoyo, ndiyenso amayeza mitembo, ya ana yomwe.

[Pa sikirini: zithunzi zojambula pamanja]

Nanga amene wapulumuka, zake zatha? Ayi ndithu. Amamudinda zala, kenako ayenera kufotokoza nkhani yake kwa akuluakulu oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo limateteza munthu wozunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, dziko lake, maganizo a ndale kapena gulu lomwe alimo. Njala ndi umphawi mulibemo.

Apa ndi pomwe filimu ya Flee ya 2021, ya Jonas Poher Rasmussen, imalasa. Mnzake wa wojambulayo, yemwe anamupatsa dzina longopeka la Amin, anathawa ku Kabul ali mwana, n'kukakhala ku Moscow ndi abale ake popanda mapepala. Womuzembetsa kupita ku Denmark anamulangiza kuti akanene kuti abale ake onse anaphedwa. Ananenadi, anamulandira, koma bodzalo analisenza zaka zambiri, osauza ngakhale okondedwa ake kuti mayi ake ndi abale ake ali moyo, kuopa kubwezedwa. N'chifukwa chake filimuyi ndi ya makatuni: nkhope yake siioneka, mawu okha ndiwo ake.

Kudikira yankho la pempho loti ulandiridwe ngati wothawa kwawo sitikuonera kutali. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa unatsegulidwa mu 1994 poyembekezera anthu pafupifupi 10,000, lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Alipo ena anabadwira momwemo, akulira momwemo, pano nawonso ali ndi ana, yankho la pempho lawo likadali m'mafayilo.