Makalata a omvera: "Kagulitseni ku bomako"

Takulandirani kunyumbako. Makalata a sabata ino akungolira mitengo ya mbewu, ndiye tiyambe ndi iyi ya bambo ena a ku Mkanda m'boma la Mchinji.

"Achimwene, ndinamva pa wailesi yomweyi kuti boma lalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Ndinakweza matumba awiri a soya pa njinga mpaka kumsika, koma venda anatchula mtengo wotsika. Nditamukumbutsa za mtengo wa boma anati, 'Kagulitseni ku bomako.' Kodi ndalama yoperewerayo tikaitenge ku ofesi iti?"

Bambo, kalata yanu yandikhudza, chifukwa ofesi imeneyo kulibe. Mtengo umene Unduna wa Zaulimi umalengeza nthawi yokolola ndi malire chabe, oti wogula asatsike kupyola pamenepo. Si ndalama yoti boma likuonjezereni. Kuno thandizo limabwera podzala: makuponi a feteleza wotsika mtengo a FISP kuyambira 2005, kenako ndondomeko yolowa m'malo mwake ya AIP mu 2020, pamene thumba la feteleza linkagulidwa pa K4,495. Ikafika nthawi yogulitsa, mlimi amatsala yekha ndi njinga yake. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigula mbewu za alimi, ndipo mtengo wa boma umagwira ntchito pokhapokha pamsika pakakhala wogula wotere, ndalama zili m'manja. Apo ayi, venda ndiye mfumu.

Chimene mukufunsacho chimachitika ku America. Lamulo lawo la zaulimi la 2014 linaika mtengo wa chimanga pa $3.70 pa muyeso wawo wa bushel, womwe ndi makilogalamu pafupifupi 25. Mtengo wa chaka chonse ukagwa kutsika mtengo woikidwa ndi lamulo, boma limalipira mlimi mbali ya kusiyanako. Palinso ndondomeko ina yoyang'ana zimene alimi a dera lonse apeza, osati munthu mmodzi. Koma musafulumire kukajambulitsa pasipoti! Kumeneko amawerengera maekala, ndiye wa munda waukulu ndi amene amatenga zambiri. Komanso ali ndi kaundula wa minda ndi zokolola za zaka zambiri. Inu bambo, ndani analemba kuti chaka chatha munakolola matumba angati?

Ineyo ndimaona kuti kulengeza mtengo popanda wokagula pa mtengowo n'kungomusangalatsa mlimi m'makutu. Koma nanunso alimi ndikudzudzuleniko pang'ono. Makalata asanu akudandaula za sikelo zobera ndi ndowa zomenyedwa kunsi kuti zizilowa zambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene akuti ali mu kopaletivi. Venda saopa munthu wa matumba awiri. Mukasonkhanitsa matumba 200, wogula amabwera yekha ndi lole, ndipo mtengo mumakambirana mutakhala pansi. Sikelo nayo muziifunsa chizindikiro cha a Malawi Bureau of Standards musanapachike thumba.

Mayi a ku Ntchisi, chimanga chosauma musathire mankhwala, chiyanikeni kaye.

Achimwene a ku Johannesburg amene mukufunsa zotumiza ndalama kumudzi, inde, tumizani ndalama msanga kuti amayi asagulitse chimanga chonse mu Meyi n'kudzachigulanso modula mu Januwale.

Agogo a ku Thyolo akufunsa ngati boma lingaikenso mtengo woyambira wa kachasu. Agogo, imeneyo si mbewu, ngakhale ndikudziwa kuti madeya alimo. Tiyeni timvere nyimbo.