Kompaila yamakedzana pa Windows 11: n'chifukwa chiyani ikukana kudzuka?

Moni nonse! Taonani pa sikirinipa. Iyi ndi Turbo C 2.01 ya kampani ya Borland, kompaila ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndadina kawiri, Windows 11 yandiyankha kuti pulogalamuyi siingayende pa kompyuta yanga. Basi, nkhani yathera pomwepo. Khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza lina limene anthu amapatsirana pa nkhaniyi, ndipo lero ndikufuna tiliike m'manda.

Zoyambirira tidutse mothamanga. Kompaila ndi pulogalamu yomwe imatenga khodi imene mwalemba, kaya ya C kaya ya Pascal, n'kuisandutsa malamulo omwe purosesa imamva. Siyenda yokha. Pali assembler, pali linker yolumikiza zidutswa, pali malaibulale, pali debugger yosakira zolakwika. Gulu lonseli ndiye toolchain. Mwamva? Tiyeni.

Makampani akati "tatulutsa kompaila yathu yakale", mverani bwino chomwe atulutsacho. Borland inapereka ulere Turbo Pascal 5.5 ndi Turbo C 2.01, koma mapulogalamu omangamanga kale, opanda khodi yake. Galimoto akupatsani, boneti awotcherera. Kampani ya Sybase inachita zina. Mu 2003 inatulutsa khodi ya Watcom C, kompaila yochokera ku Waterloo ku Canada, yomwe mu 1993 inamanga gemu ya Doom ya pa DOS, sisitimu yakale yoyendetsera kompyuta polemba malamulo. Idayamba kutchedwa Open Watcom. Kusiyana kumeneku kusungeni, tikubwererako.

Tsopano bodza lija. Mukangodandaula kuti pulogalamu ya DOS yakana, pamapezeka katswiri wina wokuuzani kuti, "Aaa, zosavuta, dinani kumanja, sankhani compatibility mode, ikani Windows 95." Abale anga, nkhambakamwa chabe zimenezo! Ine ndinachezerapo usiku wonse, kusintha Windows 95, kusintha 98, kusintha XP, kuyendetsa ngati administrator, kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Kunja kunacha uthenga uli womwewo.

Compatibility mode ntchito yake yaikulu ndi kunamiza pulogalamu. Ikafunsa kuti "ndili pa Windows iti?", imauzidwa nambala yakale. Ikhozanso kuchepetsa mitundu kufika 256, kapena kufinya sikirini kukhala 640 kwa 480. Zimenezi zimathandiza pulogalamu ya Windows ya 32-bit yomwe ikungochita manyazi ndi nyumba yatsopano. Koma Turbo C si ya Windows. Ndi ya DOS, ya 16-bit, inalembedwera purosesa ya mtundu wa 8086.

Nanga kale zinkatheka bwanji? Kuyambira pa Intel 80386 ya mu 1985, purosesa inali ndi kachipinda kotchedwa virtual 8086 mode, momwe pulogalamu ya DOS inkakhala n'kumaganiza kuti makina onse ndi ake. Windows inali ndi chigawo chotchedwa NTVDM chogwiritsa ntchito kachipindako. Kenaka AMD inabwera ndi 64-bit mu 2003, ndipo purosesa ikalowa mu 64-bit, khomo la kachipinda kaja limatsekeka. Windows ya 64-bit ilibe NTVDM mpang'ono pomwe. Windows 10 ya 32-bit inali nayobe, unkangoiyatsa. Windows 11, ya mu 2021, ilipo ya 64-bit yokha.

Ndiye tandiuzani: mukasankha Windows 95 pa kamndandanda kaja, mukunamiza ndani? Pulogalamuyo siinafike n'komwe pofunsa funso lililonse. Yabwezedwa pakhomo isanatsegule pakamwa. Amene anakulangizani zimenezi mutumizireni vidiyoyi, mwaulemu wake. Ndipo poti dzanja lili pafupi, dinani like ndi subscribe, zimathandiza kuti ena atipeze.

Bodzali lili ndi mng'ono wake: "Ngati Windows yakana, ndiye kuti kompaila zakale zinafa." Ayi ndithu. Pali mafunso awiri osiyana. Kompailayo ikuyenda pa makina ati? Nanga ikumangira makina ati? Akatswiri amati host ndi target. Poti khodi ya Watcom inatsegulidwa, anthu odzipereka anaikonza, ndipo Open Watcom v2 imayenda pa Windows ndi Linux za 64-bit, koma n'kumatulutsa mapulogalamu a DOS a 16-bit. Anthu a FreeDOS, DOS yaulere ya anthu odzipereka, amaigwiritsa ntchito pomanga kernel yawo, mtima wa sisitimuyo. Turbo C sangaichite zotero, boneti ija n'njowotcherera. Koma chenjerani apa: pulogalamu yomwe Open Watcom yakumangirani ya DOS, mukaidina pa Windows 11 ikananso chimodzimodzi. Kompaila siinalakwe. Mwapempha ya DOS, yakupatsani ya DOS.

Chabwino, tichite chiyani?

Choyamba: dziwani chomwe muli nacho, khodi kapena pulogalamu yomangamanga.

Chachiwiri: ngati ndi yomangamanga, ikani DOSBox kapena DOSBox-X. Izi sizidalira kachipinda ka purosesa kaja, zimayerekeza kompyuta yonse yakale m'kati mwa pulogalamu, ndiye emulator imeneyo. Pangani foda ya dzina lalifupi, mwachitsanzo TC. Lembani mount c kenaka njira ya fodayo, lowani mu drive C, yambani. Maina a mafayilo asapitirire zilembo 8, kadontho, ndi zilembo 3. Mipata m'maina ayi. Ndaonapo munthu akulimbana ndi linker ola lathunthu, chonsecho vuto linali mpata umodzi m'dzina la foda. Ndipo a Pascal, imvani iyi. Mapulogalamu omangidwa ndi Turbo Pascal 7 ogwiritsa ntchito chigawo cha CRT, choyang'anira sikirini ndi kiyibodi, amagwa ndi Runtime error 200 purosesa ikathamanga kupitirira pafupifupi 200 MHz. Poyamba penipeni amayeza liwiro la makina powerenga manambala, kenaka n'kugawa, ndipo yankho limakula mpaka kusefukira malo ake. Pulogalamu kufa chifukwa kompyuta yachita bwino kwambiri! Mu DOSBox tsitsani cycles, ndiye kuti liwiro la purosesa yoyerekezayo, idzuka.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe pamatuluka thukuta: muli ndi khodi, mukufuna kuimanganso ndi GCC, kompaila yamakono. Khodi ya C ya nthawi imeneyo inkalembedwa motayirira, ndipo GCC yakhala ikumanga lamba. GCC 10 ya mu 2020 inasiya kulekerera variable imodzi yolengezedwa m'mafayilo angapo popanda extern. GCC 14 ya mu 2024 inayamba kukana function yoitanidwa isanalengezedwe, kale inkangochenjeza. GCC 15 mukapanda kuiuza zina imatsata C23, mtundu watsopano wa C, momwe bool ndi liwu losungidwa, ndiye khodi yakale yomwe inadzipangira bool yakeyake imagwa pamzere womwewo. Poyambira yesani kuipatsa GCC -std=gnu89 ndi -fcommon kuti itsate malamulo akale. Zikadutsa musavine msanga. Olemba akale ambiri ankatenga kuti pointer, yosunga adiresi ya mu memory, ikwana mu int kapena mu long, mitundu yosungira manambala. Pa Linux ya 64-bit long ndi mabaiti 8, pa Windows ya 64-bit ndi 4, pomwe pointer ndi 8 konsekonse. Khodi imangika bwinobwino, n'kumatulutsa zinyalala mwakachetechete. Za pointer ndinapangapo vidiyo yapadera, linki ili m'munsimu.

Chachinayi: werengani laisensi. Ulere ndi ufulu n'zosiyana. Laisensi ya Open Watcom inavomerezedwa ndi Open Source Initiative, koma Free Software Foundation inaikana, chifukwa imakakamiza kufalitsa zomwe mwasintha ngakhale simunagawire munthu pulogalamuyo. Microsoft inaika khodi ya MS-DOS 4.0 pa laisensi ya MIT mu 2024, imeneyo ndi yomasuka kwambiri.

A Mac, ndakuonani mukukweza manja. macOS Catalina ya mu 2019 inasiya mapulogalamu a 32-bit, ndiye toolchain yanu ikakhala ya mtundu umenewo, nanunso njira ndi emulator kapena kumanganso.

Lembani m'makomenti kompaila yomwe munayambira, ndi uthenga umene inakukanirani nawo, liwu ndi liwu, osati "yangokana basi". Vidiyo yotsatira timanga pulogalamu ya DOS ndi Open Watcom pa Linux, n'kuiyendetsa mu FreeDOS. Dinani kabelu kaja. Tionana!