Makalata a omvera: khitchini ya mdima pa fulati

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina amene akukhala pa fulati ya lendi. Akuti: "Achimwene, khitchini yanga ndi yaing'ono, kawindo nkamodzi basi, masana omwe ndimayatsa getsi koma podula zinthu sindiona bwinobwino. Ndikuganiza zogwetsa khoma lapakati pa khitchini ndi pabalaza, mukuti bwanji?"

Mayi zikomo polemba, koma za khomazo tayambani mwadikira chonde. Pa fulati makoma ena ndi amene anyamula nyumba ya anzanu a pamwamba, ndiye osaligwira eni nyumba asanavomere komanso injiniya asanalione.

Vuto lanu lalikulu ine ndikuliona pa babu. Ili pakati pa siling'i, inu mukaima pa kauntala mwaifulatira, ndiye chithunzithunzi chanu chomwe chimagwera pa mpeni ndi pa zala, ngakhale mutagula babu yamphamvu bwanji zikhala chonchobe. Ikani timagetsi ta LED tija tokhala ngati lamba kunsi kwa makabati apamwamba, chakutsogolo m'mphepete, kuwala kuzigwera pomwe pali manja anu. Pogula osangoyang'ana ma watts, onaninso ma lumens, omwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, babu yakale ija ya 60W imatulutsa pafupifupi 800 lumens pomwe LED ya 9W imafika pomwepo. Nambala ya K imanena mtundu wa kuwala, ndiye sankhani yolembedwa 3000K kapena 4000K, za 6500K zija kuwala kwake kumapita ku buluu, chakudya chimaoneka chotuwa. Mawaya apafupi ndi sinki asiyireni wa zamagetsi.

Kenako penti. Makabati abulauni amameza kuwala, apakeni woyera wonyezimira pang'ono, yemweyo savutanso kupukuta mafuta, khoma ndi siling'i chimodzimodzi. Kawindo kajanso kamasuleni, katani yokhuthala ichoke, mabotolo mwandandalika pamenepo achoke, galasi mulitsuke ndi sopo chifukwa utsi wa mafuta umamatirira pang'onopang'ono mwini osazindikira.

Ina yachokera kwa bambo wina, akuti kwawo anthu awiri sangapishane m'khitchini, mapoto ali mbwee pa kauntala. Bambo, khoma lanu likungokhala. Khomani kachitsulo kokhala ndi tingowe muzikolekapo mapani ndi zipande, mashelefu akwere mpaka ku siling'i, zosagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zipite pamwambapo. Tebulo ikani lija lopinda lomangirira kukhoma, podutsa pazitsala mita imodzi kuti chitseko cha firiji chizitseguka chonse.