Amalume, mverani izi musananyamuke ulendo wa ku Scotland

Amalume, mwaswera bwanji ku Mangochiko? Uthengawu ndi wotalikirapo, ndiye muumvetsere mutakhala pansi, kenako muwatumizire abusa ndi amayi a Mvano amene mukubwera nawo.

Za viza ndingodutsamo. Fomu mumalemba pa intaneti, zala mukadinda ku Lilongwe. Amalola kupempha kutatsala miyezi itatu, ndipo yankho limatenga pafupifupi masabata atatu, choncho musagule tikiti lisanatuluke. Kalata ya mpingo wokuitananiwo inene masiku, kokagona ndi amene akulipira ulendo. Chimene chimagwetsa anthu ndi ndalama zobwereka zongotulukira mu akaunti, osafotokoza kumene zachokera. Viza ya mlendo imalola kulalikira ndi kuchezera mipingo, koma ganyu ayi.

Katundu tsopano. Nsomba zouma kapena zowamba amalola, mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi. Usipa, utaka, chambo chowamba, tengani. Koma ziume gwa, muzikulunge m'mapepala apulasitiki awiri kapena atatu, chifukwa usipa wachinyontho pofika ku Addis Ababa umakhala utanunkhitsa suti yanu yolalikira nayo. Nyama ya mtundu uliwonse, ngakhale yowamba, ndi zamkaka zonse, zimenezo amalanda pa bwalo la ndege. Masamba aawisi ndi mbewu zodzala zisiyeninso. Ufa musavutike nawo, umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ku Glasgow ndi ku Edinburgh.

Nkhani yaikulu ili pa tchalitchi. M'mipingo yambiri ya Church of Scotland mapemphero amayamba cha m'ma 10:30 kapena 11 koloko, ndipo amatha pakangopita ola limodzi. Ola limodzi, amalume, zonse zili momwemo: nyimbo, mawu, ulaliki, chopereka. Ndiye akakuuzani kuti mupereke moni kwa mphindi zisanu, akutanthauza zisanu zenizeni. Lembani papepala zimene mukanene, muyeserere ndi wotchi. Moni wathu uja wotchula abusa, akulu a mpingo, amayi, achinyamata aliyense payekha, muufupikitse kukhala chiganizo chimodzi. Ngati pali womasulira, dziwani kuti theka la nthawi ndi lake. Ulaliki wa kuno sumapitirira kwenikweni mphindi 20. Kwaya ikonzekere nyimbo ziwiri zazifupi. Akafuna ina apempha okha.

Musakhumudwe mukaona tchalitchi chachikulu cha miyala muli anthu ochepa, ambiri a imvi, palibe woyankha "Ameni" kapena kululutira. Sikuti sakumva. Amayamikira pambuyo pake, pa tiyi wa mu holo, ndipo pamenepo ndi pamene ubale wa mipingo umamangidwa. Musakaunjikane pakona nokhanokha kumayankhula Chichewa. Mwazikanani, aliyense apeze womucheza naye. Mbale ya chopereka ikadutsa anthu ena osaponyamo, si kuuma manja, ambiri amapereka kudzera ku banki mwezi ndi mwezi. Ndipo chonde, zopempha malata kapena fizi ya mwana kwa munthu amene mwangokumana naye pa tiyi, ayi. Zosowa za mpingo zilembedwe, zidzere kwa abusa ndi komiti ya ubale. Ana a Sande sukulu musawajambule musanapemphe, kuno malamulo ake ndi okhwima.

Inu muli ndi nkhani imene alendo a maboma ena alibe. Amishonale a Free Church of Scotland, pamodzi ndi Robert Laws, anafika ndi sitima ya Ilala n'kukhazikika ku Cape Maclear mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo. Manda a ena mwa iwo akadali ku Cape Maclear, m'boma lanu la Mangochi. Musananyamuke, wina apite akawajambule bwinobwino, muchapitse zithunzizo. Kwa anthu a kuno mphatso imeneyo iposa ziboliboli. Akakutengerani ku Blantyre wa kuno, kufupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, mukakhala ndi poyambira nkhani.

Chakudya. Lamulo lake ndi limodzi: munthu wa kuno amakhulupirira yankho lanu loyamba. Mukakana mwaulemu kuti akukakamizeni, mbale imachotsedwa ndipo mugona ndi njala. Mukafuna kuwonjezera nenani, chimene simudya nenaninso, makamaka tsiku loyamba lomwelo. Masana m'maholo a tchalitchi amakonda kupereka supu ndi buledi wopaka zinthu pakati. Musadikire nsima pambuyo pake, chakudyacho ndi chomwecho. Chamadzulo chimabwera molawirira, cha m'ma 6, ndipo mu June kunja kumakhala kukuwalabe mpaka 10 koloko usiku, ndiye sungani mabisiketi m'chipinda.

Haggis akupatsani ndithu, ndi chonyadira chawo. Ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogayidwa pamodzi ndi oats, anyezi ndi tsabola, ndipo amadyera mbatatesi yosinja. Munthu wodya zam'kati za mbuzi sangavutike nayo. Chosamala nacho ndi black pudding, kozungulira kakuda ka pa mbale ya m'mawa. Ndi uwende, kawirikawiri wa magazi a nkhumba. Bacon, ham ndi masoseji ambiri ndi nkhumbanso, ndipo supu ya lentil ambiri amaiphikira fupa la nkhumba ngakhale nyamayo siioneka. M'gulu lanu mungakhale ena okulira m'mabanja achisilamu amene mpaka pano nkhumba sailawa. Afunseni muli konko, mutumize mayina awo kwa okulandiraniwo musananyamuke. Phala la oats ena amathira mchere, shuga mupemphe. Nsomba yokazinga ndi tchipisi mudzaikonda, nthawi zambiri imakhala haddock, ya m'nyanja yamchere, yochotsa minga, ngakhale kwa munthu wa kunyanja ngati inu ikoma mozizira poyerekeza ndi chambo. Madzi a pampopi imwani, ndi abwino.

Makwacha kuno sasinthika, musinthiretu konko. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi akwathu, tchaja chanu chigwira. Jekete yosalowa madzi ndiyofunika ngakhale m'chilimwe chawo. Mankhwala a BP ndi shuga akhale m'mapaketi ake, m'chikwama cham'manja, okwanira masiku onse ndi ena apadera, ndipo inshulansi ya ulendo musaidumphe chifukwa mlendo akagonekedwa m'chipatala amalipira. Wina akatentha thupi atafika, auze adokotala nthawi yomweyo kuti wachokera kudera la malungo, chifukwa kuno sayamba aganizira zimenezo. Viza ikatuluka munditumizire tsiku ndi nambala ya ndege.