Linebacker U: mkangano wa masapota a Penn State pa makochi ndi kaseweredwe ka ma linebacker

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili ku America, m'tauni ya State College m'chigawo cha Pennsylvania, kumene kuli yunivesite ya Penn State. Bwalo lawo, Beaver Stadium, limalowa anthu oposa 100,000, ndipo amene amasewera mpira wa ku America pamenepo ndi ophunzira a pasukulupo. Pali malo amodzi m'timuyi amene masapota ake amawanyadira kuposa ena onse, ndipo ndi malo omwewo amene akhala akuwayambanitsa m'zaka zapitazi. Malo ake ndi a linebacker.

Kwa amene mpira wa ku America simunauzolowere, gwirani izi kaye. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi 10, ndipo yadi imodzi ndi yocheperako pang'ono mita. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo. Kumbali yotchinga, kutsogolo kumaima zimphona zimene zimagundana ndi zimphona zinzawo. Kumbuyo kwenikweni kumaima othamanga, olondera amene akufuna kuwakha mpira woponyedwa. Pakati pa magulu awiriwa, mayadi anayi kapena asanu kuchokera pomwe pali mpira, ndi pamene pamaima ma linebacker. Amene mumakonda mpira wamiyendo, ganizani za nambala 6, uja amatseka pakati, kungoti uyu amaloledwa kumugwira mnzake ndi kumugwetsa pansi.

Mwamwambo amakhala atatu, ndipo ali ndi mayina awo a m'bwalo: Mike wapakati, Will ndi Sam m'mbali. Mike ndiye mutu. Amaona mmene adani aimira, n'kufuulira anzake kuti asunthe, uyu apite uku, uyu atseke apa. Kuyambira 2024, malamulo a mpira wa m'makoleji akuluakulu amalola wosewera mmodzi kukhala ndi kawailesi m'chipewa chake kuti azimva mawu a kochi, ndipo kawailesiko kamadulidwa pakatsala masekondi 15 kuti mpira uyambe. Kumbali yotchinga, kawirikawiri amene amavala chipewa chimenecho ndi linebacker. Mawu a kochi akangoduka, zonse zili m'mutu mwa mnyamata wa zaka 20.

[Pa sikirini: chithunzi cha mizere iwiri ya osewera, mipata ya pakati pawo itaikidwa zizindikiro]

Taonani mipata iyi pakati pa zimphona za timu yomwe ili ndi mpira. Mpata uliwonse uli ndi mwini wake kumbali yotchinga. Mpira ukangoyamba, linebacker ali ndi kamphindi kosakwana sekondi kuti adziwe ngati adani akuthamanga nawo kapena auponya. Amawerenga mapazi ndi zipewa za zimphona zija. Akaponda phazi limodzi molakwika, mpata wake watseguka, ndipo wonyamula mpira wadutsa kale.

Tsono Penn State inadzipangira dzina pa malo amenewa mpaka anthu anaipatsa dzina lakuti Linebacker U, kutanthauza yunivesite yosula ma linebacker. Jack Ham anasewera kumeneko kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kenaka anakapambana Super Bowl, ndime yomaliza ya ligi ya akatswiri ya NFL, kanayi ndi Pittsburgh Steelers. Pa 2 January 1987, mu Fiesta Bowl, Penn State inagonjetsa Miami 14 kwa 10 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Vinny Testaverde, woponya mpira wa Miami, analandidwa mipira isanu m'malere usiku umenewo. Iwiri anailanda ndi Shane Conlan, ndipo womaliza, umene unatseka masewero, anaulanda ndi Pete Giftopoulos. Onsewa anali ma linebacker. Mu 1998 LaVar Arrington anadumpha pamwamba pa mzere wonse wa osewera a Illinois n'kugwera wonyamula mpira, ndipo chaka chotsatira analandira Butkus Award, mphoto ya linebacker wopambana onse m'makoleji. Paul Posluszny naye anailandira mu 2005. Nambala 11 imene Arrington ankavala inadzavalidwanso ndi NaVorro Bowman, Micah Parsons ndi Abdul Carter.

Sapota amene anakulira pa mbiri yotereyi sapirira akaona linebacker wake akuthamangitsa mthunzi.

Tsiku limene mkangano unapsa kwambiri ndi 15 October 2022, ku Ann Arbor, kwawo kwa Michigan. Chigawo chachitatu mwa zigawo zinayi za masewero chili mkati, Penn State inali patsogolo 17 kwa 16. Kenaka Donovan Edwards wa Michigan anatenga mpira n'kuthamanga mayadi 67 mpaka kukagoletsa. Mpira utabwereranso kwa Michigan, Blake Corum anathamanga mayadi 61, naye n'kukagoletsa. Masewero anatha 41 kwa 17, ndipo Michigan inayenda mayadi 418 pongothamanga ndi mpira. Kwa timu yotchedwa Linebacker U, chimenecho chinali chitonzo chachikulu. Mu 2023 matimuwa anakumananso ku Beaver Stadium, ndipo Michigan inathamanga ndi mpira maulendo 32 otsatizana, ngati kunena kuti tikubwera pomwepa, tiletseni. Inapambana 24 kwa 15.

Apa ndi pamene masapota anagawikana. Gulu loyamba linkaloza chala kochi. Nthawi imeneyo wotsogolera difensi, kutanthauza mbali yotchinga, amenenso ankaphunzitsa ma linebacker, anali Manny Diaz, munthu wokonda kutumiza osewera ambiri kukathamangitsa quarterback, wosewera wa adani amene amaponya mpira. Otsutsa ankati kaseweredwe kameneka n'kokoma ukamasewera ndi timu yofooka, koma ukakumana ndi timu ya zimphona zodziwa ntchito, linebacker amene wamuuza kuti athamangire kutsogolo amasiya mpata wake pambalambanda. Gulu lachiwiri linkati ayi, vuto ndi anyamatawo: akuchedwa kuwerenga, akulephera kudzimasula akagwidwa ndi chimphona, akugwetsa ndi manja okha m'malo mogwira ndi thupi lonse.

Ine ndikaonera zigoli ziwiri za ku Ann Arbor zija pang'onopang'ono, ndimaona chinthu chachitatu chimene magulu onse awiri amachilumpha. Yang'anani kutsogolo. Zimphona ziwiri za Michigan zikugwira munthu mmodzi wa Penn State, zikumukankha, kenaka chimodzi chikumusiya n'kukwera kukamupeza linebacker asanasunthe n'komwe. Munthu wa makilogalamu oposa 130 akakufikira pachifuwa, kaya unaphunzitsidwa ndi ndani, wachedwa. Linebacker amaoneka katswiri pamene a kutsogolo kwake akudya anthu awiriawiri kuti iye ayende momasuka. Kamera ya pa TV imatsatira mpira, ndiye amene timamuona akugwa chagada ndi linebacker, ndipo mlandu wonse timamusenzetsa iyeyo ndi kochi wake. Komanso tisaiwale kuti difensi ya Diaz yomweyo mu 2023 inali pakati pa zabwino koposa m'dziko lonselo, mpaka Duke inamutenga kukakhala kochi wamkulu.

Kenaka panabwera nkhani ya Abdul Carter. Anasewera ngati linebacker mu 2022 ndi 2023, koma mu 2024, Tom Allen atatenga difensi, anamusunthira kutsogolo, kumapeto kwa mzere, kuti ntchito yake ikhale kusaka quarterback. Ena anakwiya: mwatenga nambala 11, chizindikiro cha Linebacker U, n'kukamuika pa malo ena, nanga pakati patsala ndani? Koma zipatso zinaoneka. Carter anagwetsa ma quarterback maulendo 12, anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu Big Ten, ligi imene Penn State imasewera, ndipo New York Giants inamutenga pa nambala 3 mu 2025, matimu a NFL akusankha osewera ochokera m'makoleji. Micah Parsons naye, amene Dallas Cowboys inamutenga pa nambala 12 mu 2021, anatchuka mu NFL chifukwa chosaka quarterback. Kumeneko ndi kumene kuli ndalama masiku ano, ndipo mnyamata waluso amadziwa zimenezo asanafike n'komwe pakoleji. Sindingamudzudzule Carter ngakhale pang'ono. Koma zikutanthauza kuti wothamanga ndi wamphamvu kwambiri m'gululo amachoka pakati, ndipo kochi wa ma linebacker amatsala ndi ntchito yomweyo, zida zitachepa.

Chaka cha 2025 ndicho chinavundukula zonse. Allen anapita ku Clemson. Penn State inalemba Jim Knowles, amene anali atangopambana ukatswiri wa dziko ndi Ohio State, pa malipiro oposa madola 3 miliyoni pachaka. Ma linebacker anapatsidwa kwa Dan Connor, mwana wa pakhomo pomwepo, amene anasewera malo omwewo ku Penn State n'kulandira Bednarik Award, mphoto ya wotchinga wopambana m'makoleji, mu 2007. Kaseweredwe ka Knowles kamadalira ma linebacker awiri m'malo mwa atatu, ndipo kamadziwika kuti n'kovuta kukaloweza. Kobe King, amene ankaima pakati, anali atapita ku NFL, ndipo m'malo mwake anabweretsa Amare Campbell kuchokera ku North Carolina. Timu inayamba chaka ili pa nambala 2 m'dziko lonse.

Inagonja kwa Oregon 30 kwa 24 pakhomo. Kenaka Tony Rojas, linebacker wothamanga kwambiri m'timumo, anavulala. Pa 4 October anapita kwa UCLA, timu imene inali isanapambaneko chaka chimenecho, ndipo quarterback wake, Nico Iamaleava, anathamanga yekha mayadi oposa 120 n'kugoletsa katatu ndi miyendo yake. Mobwerezabwereza ankayang'ana kutsogolo, n'kuona kuti pakati palibe munthu, n'kudutsa. UCLA inapambana 42 kwa 37. Sabata yotsatira Northwestern inapambana 22 kwa 21, ndipo mawa lake, pa 12 October, James Franklin, amene anakhala kochi wamkulu kuyambira 2014, anachotsedwa ntchito.

Ena anati Connor ndi wachibwana pa ntchito ya ukochi, anamupatsa chifukwa cha dzina. Ena anati Knowles anawaunjikira anyamata zinthu zambiri m'mutu mpaka miyendo inalemera. Pa mfundo yachiwiriyi ndimagwirizana nawo kwambiri, chifukwa linebacker amene akuganiza kuti kodi apa ndipite kuti, waluza kale sitepe yoyamba ija.

Koma tawerengani nane. Brent Pry anatsogolera difensi kuyambira 2016 mpaka 2021, akuphunzitsanso ma linebacker, ndipo Parsons anakulira m'manja mwake. Pry atapita ku Virginia Tech kunabwera Diaz zaka ziwiri, Allen chaka chimodzi, Knowles chaka chimodzi. Anthu anayi m'zaka zisanu. Aliyense amabwera ndi mawu ake otchulira zinthu, zizindikiro zake, ndi malamulo ake a amene atseke mpata uti. Mnyamata amene analowa mu 2021 anaphunzira zinenero zinayi asanamalize sukulu. Yerekezani ndi nthawi ya Posluszny, Connor, Sean Lee ndi Bowman: onsewo anadutsa m'manja mwa kochi mmodzi, Ron Vanderlinden, amene anakhala pa ma linebacker a Penn State kuyambira 2001 mpaka 2013. Pamenepo wachaka choyamba ankaphunzira kwa wachaka chachinayi mawu omwewo amene kochi akunena. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva anthu akufuna mutu wa kochi wa ma linebacker atangogwira ntchito miyezi ingapo, pamene mankhwala amene akuitanitsawo, kusintha munthu, ndi omwewo amene anadwalitsa gululi.

Mu December 2025 Penn State inalemba Matt Campbell kuchokera ku Iowa State kukhala kochi wamkulu, ndipo Knowles sanatsale. Ma linebacker amene anatsala ku State College anayenera kuyambanso kuloweza chinenero china chatsopano, chachisanu kuchokera mu 2021.