Achemwali, bambo wa ku Limbe uja musamupatse ndalama

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, mwendo uja wayamba kupepuka? Ine ndangoweruka kumene, ndili pa siteji kudikira basi, ndiye mukamva mphepo musadabwe, kuno ku Edinburgh chisanu chayamba kale. Uthengawu utalikirapo. Muitaneni Tadala akhale pafupi mumvere limodzi.

Mwanayu watichotsa manyazi. Mapointi 8 pa mayeso a MSCE! Nditaona chithunzi cha zotsatira chija ndinakhala pansi pa masitepe a kuntchito, misozi ikulengeza m'maso. Ndinakumbukira usiku uja ndili kwanu ku Ndirande magetsi atazima, iye ali pa mkeka ndi tochi ya foni yanu kuwerenga Physics, inu mukukanda ufa wa mandasi a mawa.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi bambo uja mwati ali ndi ofesi pamwamba pa sitolo ku Limbe, amene akufuna K400,000 kuti amupezere mwana sikolashipu ya kunja. Achemwali, chonde, musamupatse ngakhale tambala, ndipo ngongole ya ku banki m'khonde mukuiganizira ija isiyeni. Sikolashipu sagula. Ine ndinalumidwapo, inu mukudziwa, ndalama za njinga ya malemu bambo zija zinapita choncho. Anandipatsa kalata yokongola ya chidindo chofiira, patatha milungu iwiri foni yake sinkapezekanso, pa ofesi pali loko. Mwana amadzaza yekha fomu pa webusaiti ya yunivesite kapena ya bungwe lenilenilo, sadzera kwa munthu wapakati. Ndipo mwati bamboyo anatchula Chevening eti? Pamenepo ndiye wadziulula yekha. Chevening ndi ya boma la Britain, ndi ya masters, amafuna munthu amene ali kale ndi digiri komanso wagwira ntchito zaka ziwiri. Ya Beit Trust, imene amapereka kwa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, nayonso ndi ya omaliza digiri yoyamba. Mwana wongochoka Fomu 4 sizikumukhudza zimenezo pakadali pano.

Pali chinanso chimene anthu kumudziko satiuza. MSCE yathuyi kuno ku Britain amaiyika pa mlingo wa O Level. Ngakhale mwana akhoze mapointi 6, mayunivesite ambiri a kuno amafuna awonjezere A Level kapena IB, omwe ndi maphunziro a zaka ziwiri apamwamba pa Fomu 4, kapena ayambe waphunzira chaka chokonzekera, ndipo chaka chimenecho n'chodula kwambiri. N'chifukwa chake ndikufuna Tadala ayang'ane sukulu ziwiri izi. Ina ndi African Leadership Academy ku Johannesburg, kumene amaphunzira zaka ziwiri n'kulemba A Level. Ina ndi ya UWC, gulu la sukulu zimene zili m'mayiko osiyanasiyana, monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, kumene amachita IB zaka ziwirinso, ndipo ana amasankhidwa kudzera ku komiti ya dziko lawo. Ana osauka amene asankhidwa amathandizidwa fizi, ndipo akamaliza kumeneko mayunivesite akuluakulu amachita kuwafuna okha. Koma sukuluzi zimayang'ana msinkhu. Tadala ali ndi zaka 17, ndiye chaka chake ndi chino, tikazengereza apitirira msinkhu.

Zolowera ku digiri mwachindunji ziliponso. A Mastercard Foundation amalipirira ana a mu Africa anzeru koma ochokera m'mabanja osowa, kudzera m'mayunivesite amene amagwirizana nawo. Imodzi ndi Ashesi ku Ghana, ndipo ili ndi za uinjiniya ndi makompyuta, zomwe iye amazikonda zija. Alowe pa tsamba lawo awerenge yekha zimene amafuna kwa ana ochokera kunja, mzere ndi mzere. Boma la Turkey nalo limatsegula mafomu pa 10 Januwale n'kutseka pa 20 Febuluwale. Fomu ndi yaulere, wofuna digiri yoyamba akhale wosakwana zaka 21, ndipo amalipira fizi, pogona, tikiti ya ndege ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi. Chaka choyamba chonse amaphunzira chiyankhulo chawo, ndiye aganize bwino ngati mtima wake ungapirire zimenezo.

Ndikudziwa alamu anena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Alamu, pa nkhani iyi ndikupempha mundimvere. Ana ofunsira malo amenewa ndi a Africa yense, ndipo ambiri okhoza bwino amabwezedwa popanda cholakwa chilichonse. Choncho fomu ya NCHE, yofunsira malo m'mayunivesite a boma a ku Malawi, ikatuluka adzaze, asanyozere. Ali ndi makirediti oposa 6, Chingerezi chili momwemo, palibe chomuletsa. MUBAS ili pompo pa Ginnery Corner, ndi Poly yomwe ija, anangoisintha dzina mu 2021, ndipo kuchokera kwanuko ndi pafupi. Akasankhidwa tidzafunsira ngongole ya fizi ku Loans Board. Kuphunzira konkuno si kugwa ayi. Inenso digiri yanga yoyamba ndi ya kwathu komweko, ndiyo inanditsegulira njira yobwera kuno.

Tsopano za mapepala, zimene zimagwetsa anthu ambiri tsiku lotseka litayandikira. Chiphaso cha unzika akhale nacho m'manja. Pasipoti muyambe kuiyendera sabata ino ku Immigration, musadikire kuti ayambe waitanidwa. Apite kusukulu kwake akatenge pepala la zotsatira, poti satifiketi ya MANEB imabwera pambuyo, komanso malipoti a Fomu 1 mpaka Fomu 4 okhala ndi chidindo cha ahedi. Muonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa mapepala onse, chilembo chimodzi chikasiyana mukonzeretu. Akawachite sikani bwinobwino ku malo ojambulitsa mapepala, osati kujambula ndi foni pa mkeka chala chikuoneka m'mbali. Atsegulenso imelo ya dzina lake lenileni, aziyiona tsiku lililonse, chifukwa mayankho amabwera mmenemo ndipo nthawi zina amangopereka masiku ochepa.

Iwe Tadala, apa ndikuyankhula ndi iwe. Mapointi ako akutsegulira khomo, koma amene adzawerenge fomu yako adzakhala ataona kale ana mazana okhoza ngati iweyo. Chimene amafuna kudziwa ndi chakuti ndiwe ndani, ndipo nzeru zakozo wachita nazo chiyani kwa anthu okuzungulira. Adzakuuza ulembe nkhani ya moyo wako. Usadzaze tsamba lonse ndi kulira umphawi. Unene zoona, kuti amayi ako amagulitsa mandasi ndipo fizi inkavuta, koma usathere pomwepo. Ulembe za ana a Sitandade 8 aja unkawaphunzitsa masamu Loweruka lililonse kuseri kwa tchalitchi, unene analipo angati, unayamba liti, ndipo anasankhidwa angati. Ulembe za kope lija unayamba kulembamo ndalama za mandasi, mpaka unawaonetsa amayi ako kuti mafuta ogula a pang'onopang'ono ndi amene ankadya phindu. Iwe umaziona ngati zazing'ono, koma zimenezo palibe mwana wina angazilembe. Usakopere za pa intaneti, ndipo usandipemphe kuti ndikulembere. Ndidzawerenga, ndidzakufunsa mafunso, ndidzakubwezera ukonze kangapo, koma mawu akhale ako, chifukwa pa intavyu adzakufunsa zomwezo maso ndi maso, ndipo wolemberedwa amaonekera pa funso lachiwiri.

Adzafunanso makalata a aphunzitsi. Usathamangire kwa ahedi chifukwa cha udindo wawo ngati sakukudziwa bwino. Pita kwa aphunzitsi ako a Physics aja ankakusiyira makiyi a labu, uwapemphe mwaulemu kudakali milungu itatu kapena inayi, uwapatse ndi pepala lolembapo zimene wachita kuti asaiwale. Ugule kope limodzi, tsamba lililonse sukulu yake: tsiku lotseka, zimene akufuna, zimene watumiza kale. Uzitumiza kudakali sabata yathunthu, ukudziwa mmene magetsi ndi netiweki zimachitira tsiku limene ukuzifunitsitsa.

Achemwali, Lachisanu ndikalandira nditumiza ya pasipoti ndi ya bandulo pa Airtel Money yanu. Bambo uja akaimbanso mungomuuza kuti nkhaniyi ili m'manja mwa amalume ake, akafuna ayankhule ndi ine. Lamlungu mukabwera ku tchalitchi ndiimba pa vidiyo cha m'ma 4 koloko nthawi ya kumeneko, Tadala adzakhale atalemba tsamba limodzi la nkhani ya ana a Sitandade 8 ija, adzandiwerengere. Basi yanga yafika. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa agogo, muwauze mankhwala a miyendo aja ndagula, abwera ndi munthu mwezi wamawa.